Galu Woweta Nkhosa ndi Kaphunzitsidwe Kake

M'midzi yambiri ya kuno galu adziwika ndi ntchito ziwiri, kusaka ndi kulonda pakhomo usiku. Kuweta ndi ntchito ya anyamata, ndipo galu akatsagana nawo kubusa amangopita ngati mnzawo wa paulendo, kapena kuti akadzutse kalulu m'tchire. Mbuzi zikalowa m'munda mwa eni, wothamanga ndi mnyamata, galu ali gone pamthunzi. Koma kuli dziko lina kumene zinthu siziyenda chotero. M'mapiri a kumalire a Scotland ndi England munthu mmodzi amasunga nkhosa mazanamazana, zobalalika m'zitunda ndi m'zigwa, ndipo wozisonkhanitsa pa nyengo yometa ubweya kapena yopita kudibi ndi galu. Mbusa aima m'munsi mwa phiri naimba mluzu. Galu ali kutali, wooneka ngati kadontho kakuda, amva, natembenuka, nabwera nazo nkhosa kumapazi a mbuye wake.

Munthu woona zimenezi koyamba angayese kuti galuyo anamdyetsa mankhwala, monga achitira alenje ena ofuna kuti agalu awo aluse pa uzimba. Mankhwala palibe. Chilipo ndi mtundu wa galu, ndi kuleza mtima kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Galuyo ndi wa mtundu wotchedwa Border Collie, dzina limene linakhazikika mu 1915, lotengedwa ku malire aja a maiko awiriwo. Si wamkulu thupi, ndipo ambiri ndi akuda a mawanga oyera pakhosi, pachifuwa ndi kumiyendo. Abusa akale sanasamale za maonekedwe; posankha agalu obereketsa ankayang'ana ntchito yokha. Pafupifupi agalu onse a mtunduwu, munthu akalondola makolo awo, amakafika kwa galu mmodzi wamphongo dzina lake Old Hemp, amene anabadwa mu 1893 pakhomo pa mbusa wa ku Northumberland, Adam Telfer. Make wa galuyo, Meg, anali wachete ndi wa diso lolimba. Atate wake, Roy, anali wofatsa. Agalu ambiri a masiku amenewo ankaweta ndi phokoso, kuuwa ndi kupirikitsa. Hemp ankagwira ntchito mwakachetechete, akuyenda chowerama, maso ali pa nkhosa, ndipo nkhosa zinkamumvera. Abusa anabwera ndi agalu awo aakazi kuchokera kutali, kotero kuti pamene anafa mu 1901 akuti anali atabereka ana oposa 200.

Wofuna kumvetsa kaphunzitsidwe ka galu ameneyu ayenera kuyamba wadziwa chimene chili mumtima mwake. Makolo a agalu onse ndi mimbulu ya kumaiko a kumpoto, ndipo mmbulu posaka uli ndi machitidwe otsatizana: uona nyama, nuiyang'anitsitsa, nuiwenda, nuithamangitsa, nuigwira, nuipha. Amene anaonapo mimbulu ya m'nkhalango za kuno, ngakhale ili ya mtundu wina, adziwa m'mene ina imadulira njira kukatsekereza nyama yothawa. Mwa Border Collie abusa anakuza mbali zoyambazo, ndiko kuyang'anitsitsa, kuwenda ndi kutsekereza, nafooketsa ziwiri zotsirizazo. Kuweta kwa galu ameneyu ndi uzimba wosafika pa kupha. Iye azungulira nkhosa nazibweza kwa mbusa monga mmbulu ubwezera nyama kwa unzake.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Mbusa saphunzitsa galu kuweta, pakuti galuyo abadwa nako. Ntchito ya mbusa ndi kuika malire pa chibadwacho, ndi kupatsa dzina kachitidwe kalikonse, kuti adzathe kukaitanitsa pa nthawi imene akukafuna. Akalekerera, galu asanduka chilombo chopha nkhosa. Akapanikiza mopitirira muyeso, chibadwa chija chizilala, ndipo atsala ndi galu wamantha, woyang'ana nkhope ya mbuye wake m'malo moyang'ana nkhosa. Mwa zolakwa ziwirizi, chachiwiri ndicho chovuta kukonza.

Kagalu kamachoka kwa make kali ndi masabata 8 kapena kupitirirapo pang'ono. Pa msinkhu umenewo palibe angadziwe ngati kadzakhala kaluso, ndipo n'chifukwa chake wogula wanzeru amapempha kuona make ndi atate wake ali pa ntchito. Miyezi yoyamba sikaphunzira za nkhosa konse. Kaphunzira dzina lake, limene limakhala lalifupi monga Cap, Moss, Fly kapena Nell, kuti limveke msanga pamphepo. Kaphunzira kubwera pakuitanidwa, kugona pansi pakuuzidwa, kuyenda pambuyo pa mbusa, ndi kukhala pa unyolo osalira. Sikaloledwa kuyendayenda kokha, popeza kagalu kongolekereredwa kamadziphunzitsa kokha kupirikitsa nkhuku ndi magalimoto, ndipo maphunziro odzipatsa okhawo sachoka msanga. Chinthu chimodzi mbusa wodziwa ntchito sachita, ndicho kuitana kagalu kuti akalange. Galu amene anabwera ataitanidwa nalandira ndodo amadziwa kuti kubwera ndi tsoka, ndipo tsiku lina, ali pakati pa nkhosa zobalalika, sadzabwera.

Tiagalu tina timayamba kuwenda abakha tili ndi miyezi 3 yokha. Tina timafika chaka tisanaonetse chidwi chilichonse, kenaka tsiku lina n'kungodzidzimuka ngati munthu wouka kutulo. Koma maphunziro enieni kawirikawiri amadikira mpaka galu afike miyezi 9 kapena chaka chathunthu. Chifukwa chake n'chakuti ayenera kukhala ndi liwiro loposa la nkhosa. Kagalu kolephera kupitirira nkhosa kamangozilondola pambuyo, ndipo kakazolowera kutero, kuzungulira sikadzakufunanso. Ndiponso nkhosa yaikazi ya mwana, kapena yamphongo, ikangokagunda kamodzi, mantha ake angathe kukhala a moyo wonse.

Pa phunziro loyamba mbusa asankha nkhosa 5 kapena 6 zozolowera agalu, zimene zikaona galu zimathawira kwa munthu, naziika m'kamunda kakang'ono ka mpanda. Tsiku limenelo silikhala lokongola. Galu alowa pakati pa nkhosa ngati mvula ya mphepo, zina zithawira uku zina uko, mwina iye n'kutuluka ali ndi ubweya kukamwa. Mbusa sakalipa. Aima pafupi ndi nkhosa ali ndi ndodo m'manja, yosati yomenyera koma yotalikitsira mkono, natsekereza galu nayo nthawi iliyonse imene afuna kulowa pakati, kufikira galuyo, posowa njira ina, ayamba kuzungulira.

Pamenepo chimaoneka chinthu chimene palibe munthu anamphunzitsa. Nkhosa zikakhala ngati zili pakati pa koloko, mbusa ali pa 6, galu athamanga yekha kukaima pa 12. Mbusa akasunthira pa 9, galu apita pa 3. Kulikonse kumene munthu aima, galu afuna malo a kutsidya, kumene angatsekereze nkhosa kuti zisathawe mbuye wake. Mbusa ayamba kuyenda chafutambuyo, nkhosa zimtsata, galu ali pambuyo pawo, akupita uku ndi uko kubweza yofuna kupatuka. Nzeru yodziwa poima imeneyi ndiyo chuma chachikulu cha galu woweta, ndipo maphunziro ena onse amamangidwa pa iyo.

Mawu amabwera pambuyo. Mbusa sayamba ndi kulamula kuti galu achite. Amasuntha thupi lake kuti galu ayambe kuthamanga yekha, ndipo galu ali mkati mothamanga ndi pamene anena mawuwo. Galu akamazungulira monga muyendera mivi ya koloko, mbusa ati “Come by.” Akamazungulira mobwerera, ati “Away.” Pakapita masiku ambiri mawu ndi kachitidwe zigwirana m'mutu mwa galu, ndipo tsiku lina mbusa aima chilili nanena mawu okha, galu n'kupita. Pofuna kuti aime ati “Lie down,” pofuna kuti asendere kwa nkhosa ati “Walk on,” ndipo ntchito ikatha ati “That'll do,” ndiko kunena kuti basi, zakwana. Mawuwo alibe mphamvu mwa iwo okha. Abusa ambiri a ku Wales amalamula agalu awo m'chinenero chawo, ndipo galu akadamva Chinyanja chimodzimodzi. Chofunika n'chakuti liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi masiku onse.

Lamulo loimitsa ndilo lalikulu pa onse, ndipo lili ndi nthawi yake yoliphunzitsira. Galu akafika pa 12 paja, nkhosa zitadekha, mtima wake umakhala pansi, ndipo akauzidwa kugona amagona mosavuta. Koma kumuuza kuti agone pamene nkhosa zikuthawa ndi kumpempha chinthu chotsutsana ndi magazi ake. Sadzamvera, mbusa adzakuwa kachiwiri ndi kachitatu, ndipo chimene galu aphunzire tsiku limenelo n'chakuti malamulo ndi phokoso chabe. Ophunzitsa ambiri atsopano amaononga agalu abwino m'njira imeneyi, kenaka n'kumati galuyo ndi wosamva. Phunziro lililonse limatenga mphindi 10 kapena 15 zokha, ndipo mbusa amayesetsa kulitsiriza galu atangochita bwino, asanatope.

Chotsatira ndi kutalikira. Maso a nkhosa ali m'mbali mwa mutu, kotero kuti imaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwenikweni, ndipo ili ndi malire ake osaoneka amene mdani akawadumpha imathawa. Galu wopita kukatenga nkhosa akathamanga molunjika, kapena moyandikira, zimamuona akali m'njira ndi kuthawira kuphiri. Ayenera kupita chozungulira, m'njira yooneka ngati peyala, yopapatiza pochoka kwa mbusa ndi yotambasuka kumapeto, kuti akatulukire kuseri kwa nkhosa zisanadzidzimuke. Mbusa ayamba ndi mtunda wa mayadi 20, naonjezera pang'onopang'ono kufika 50, 100, mpaka mazana angapo. Galu akayamba kudula njira, mankhwala ake si kukalipa ali patali, koma kufupikitsanso mtunda kufikira njira yake itawongoka.

Atafika kuseri kuja pali kanthawi kochepa kamene abusa amakasamala koposa. Galu aima, nkhosa zitukula mitu, ndipo ayang'anana. Pamenepo nkhosa zimamuyesa galuyo. Akasendera mwaphuma zibalalika. Akazengereza zimpeputsa n'kuyambanso kudya. Akasendera pang'onopang'ono, mutu uli pansi, osakayika, zitembenuka zonse pamodzi ndi kuyamba ulendo mwamtendere, ndipo kawirikawiri zimakhala zamtendere mpaka kukafika.

Agalu sabadwa ofanana, ndipo mbusa ayenera kuwerenga mtima wa aliyense. Wina ali ndi diso lopambanitsa: amangoti gwa, maso ali pa nkhosa imodzi, osasuntha ngakhale aitanidwe. Wotere amampatsa gulu lalikulu la nkhosa zoyenda, kuti asapeze mpata womamatira pa imodzi. Wina ndi wa mtima wofewa: nkhosa yaikazi ikamtembenukira ndi kuponda pansi ndi chiboda, iye abwerera. Wotere mbusa amaima naye limodzi, namthandiza kutembenuza nkhosayo, kuti galu achoke pamalopo akudziwa kuti wapambana. Wina ndi wouma mutu, wofuna liwu lokhwima. Wina liwu lomwelo limgonetsa chagada. Wophunzitsa agalu onse ndi njira imodzi amapeza wabwino mmodzi mwamwayi, ena n'kuwataya.

Phunziro lovuta koposa ndi kukusa nkhosa kuzichotsa kwa mbusa. Chibadwa chonse cha galu chimamuuza kuti azibweretse, tsono akuuzidwa kuti azipititse kutali. Mbusa ayamba ndi kuyenda pambali pa galu, onse awiri ali pambuyo pa nkhosa, kawirikawiri motsata mpanda kuti mbali imodzi ikhale yotsekeka. Galu akafuna kuthamangira kutsogolo kukazibweza, amuimitsa. Poyamba mayadi owerengeka akwanira. Kenaka mbusa atsalira pang'ono, mawa atsalira kwambiri, kufikira galu akusa yekha mbuye wake ataima. Phunziro limeneli saliyamba msanga, chifukwa galu wolilandira asanakhwime pa kusonkhanitsa amasokonezeka, ndipo akatumidwa kukatenga nkhosa amaima pakati pa njira n'kuyamba kuzipititsa kwina. Pambuyo pake aphunziranso kupatula. Mbusa atsegula mpata pakati pa gulu, naitana galu kuti alowe pampatapo ndi kuletsa zimene zapatulidwa kubwerera kwa zinzake. Popanda luso limeneli n'kovuta kuchotsa nkhosa yodwala pagulu kuphiri kopanda khola.

Za kuluma abusa amasiyanitsa. Galu woluma mphuno ya nkhosa yamphongo imene ikufuna kumgunda sanalakwe, ndipo pa ng'ombe kuluma chidendene kapena mphuno nthawi zina kumafunika, galu n'kuwerama msanga kuti mwendo umpitirire pamwamba. Koma womamatira pa ubweya wa nkhosa yothawa, kapena woluma m'mimba, ameneyo akubwerera ku umbulu, ndipo amaletsedwa nthawi yomweyo. Kawirikawiri kuluma kotere kumachokera ku mantha kapena kutengeka mtima, kotero ndodo imangokuonjezera. Nkhaniyi si yamasewera. Lamulo la mu 1953 la ku Britain linaika mlandu pa mwini galu amene galu wake avutitsa ziweto za ena, ndipo ku Scotland kuyambira mu 2021 chindapusa chake chingathe kufika mapaundi 40,000, kapena ndende ya miyezi 12. Galu amene walawa kupha nkhosa, ntchito yake ya ubusa yathera pomwepo, ndipo kawirikawiri moyo wakenso.

Galu akadziwa mawu onse amaphunzira mluzu, pakuti liwu la munthu silipita patali m'mapiri a mphepo. Abusa ena amaimba ndi zala kukamwa, ena ndi kachitsulo kaphanthiphanthi koika pa lilime. Lamulo lililonse lili ndi kaimbidwe kake, ndipo mbusa aimba mluzu natsatiza mawu amene galu awadziwa kale, kufikira mawuwo atakhala osafunikanso. Mluzu wautali wofatsa umatambasula galu, waufupi wakuthwa umamfulumizitsa. Mluzu uli ndi ubwino winanso umene abusa eni ake amavomereza moseka: subisa malamulo, koma umabisako mkwiyo umene ukadamveka m'mawu. Mbusa wogwiritsa ntchito agalu awiri nthawi imodzi amapatsa aliyense miluzu yakeyake, kuti potembenuza mmodzi asatembenuze onse.

Komabe kuphiri kuli zigwa ndi nkhungu, ndipo nthawi zambiri galu amagwira ntchito kumene mbusa sakumuona. Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa galu wophunzitsidwa bwino ndi wongopanikizidwa. James Hogg, mbusa ndi mlembi wa ku Ettrick amene anamwalira mu 1835, analemba za galu wake Sirrah. Usiku wina ana a nkhosa okwana ngati 700 anabalalika m'magulu atatu mumdima. Hogg ndi mnzake anafunafuna usiku wonse osapeza ngakhale mmodzi, ndipo galu nayenso anasowa. Kutacha, akubwerera kukauza mwini nkhosa za tsokalo, anapeza ana a nkhosa aja ali m'chigwa chakuya, Sirrah ataima patsogolo pawo. Atawawerenga, panalibe wosowa. Galu amene anazolowera kudikira lamulo pa phazi lililonse akadagona pansi usiku umenewo kudikira mluzu.

Luso limeneli lili ndi mipikisano yake. Wotchuka pa yoyambirira unachitikira ku Bala, m'dziko la Wales, mu 1873, ndipo anapambana ndi mbusa wa ku Scotland wokhala komweko, ndi galu wake Tweed. Mu 1906 kunakhazikitsidwa bungwe la International Sheep Dog Society, limene limasunga kaundula wa makolo a agaluwa ndi kuyendetsa mpikisano waukulu. Pa chimaliziro cha mpikisano umenewo galu atumidwa mtunda wa mayadi 800 kukatenga nkhosa 10. Atabwera nazo pakati pa bwalo, alamulidwa kuzisiya ndi kubwerera mbali ina kukatenga zina 10, chinthu chowawa kwa galu amene mtima wake wonse uli pa nkhosa zimene wagwira kale. Zonse 20 azikusa kudutsa pazipata, kenaka iye ndi mbusa apatula 15 n'kutsala ndi 5 zovala makolala, nazilowetsa m'kakhola, zonsezi m'mphindi 30. Galu woluma popanda chifukwa amachotsedwa, ndipo pa ulendo wokatenga nkhosa uja, mluzu uliwonse woonjezera umachotsetsa mapointi. Oweruza amafuna galu wopita yekha.

Mitengo yake imasonyeza m'mene alimi amamuonera. Mu 2020, pa msika wa ku Skipton ku England, galu wamkazi dzina lake Megan anagulidwa pa mapaundi 18,900 napita ku America. Mtunduwu unafalikira kulikonse kumene kuli nkhosa zambiri, mpaka kumafamu a ku Karoo ku South Africa. Ku Australia kuli mtundu winanso wotchedwa Kelpie, wopirira kutentha, ndipo ku New Zealand kuli Huntaway, amene amakusa nkhosa ndi kuuwa. Kumaiko otentha ntchito yaikulu imagwiridwa m'mawa ndi madzulo, popeza galu ameneyu sadziletsa yekha, ndipo angathe kuthamanga mpaka kugwa.

Galu woweta amakhwima ali ndi zaka 4 kapena 5, nagwira ntchito ya kuphiri kufikira zaka 9 kapena 10. Popeza kuphunzitsa wina kumatenga zaka ziwiri kapena zitatu, mbusa amayamba kulera kagalu katsopano wamkuluyo akali ndi mphamvu. Miyendo ikayamba kuuma, wokalambayo amasiya phiri natsala ndi ntchito za pafupi ndi khola: kuima pachipata kuti nkhosa zisatuluke, ndi kusonkhanitsa tinkhosa 5 kapena 6 tija timene kagalu katsopano katibalalitsa pa tsiku lake loyamba.